MADZI A M'BONDO AULULA MATENDA

 Madzulo ano tikambirane za bondo lotupa.

Tonsefe tidziwa mau akuti nyamakazi. Bondo likatupa tinena kuti ndi nyamakazi, cala cikawawa tinena kuti ndi nyamakazi, msana ukauma tinenanso comweco. Dzina ndi limodzi, koma matenda obisala m'dzinamo ndi ambiri, ndipo mankhwala ace ndi osiyana. Ena a matendawa munthu akhala nao zaka makumi awiri ali kuyendabe. Koma ena atha kuononga bondo m'masiku owerengeka okha. Kodi tsono dotolo awasiyanitsa bwanji? Njira imodzi yaikuru ndiyo kupima madzi a m'mfundo.

MADZI AMENEWA NCIANI?

Pamene mafupa awiri akomana, monga pa bondo, pa cigongono kapena pa phewa, pali kathumba kotsekeka. Nsonga za mafupawo zakutidwa ndi cicerewecere, cija coyera ndi coterera cimene muciona pa pfupa la nkhuku. M'kathumbamo mukhala madzi pang'ono, osadzaza ngakhale supuni yaing'ono, ndipo anandama ngati coyera ca dzira. Inu amene mugwira nchito pa makina mudziwa cimene cicitika pamene girisi watha: zitsulo zipekesana, zitentha, ziphwanyika. Madzi awa ndiwo girisi wa thupi.

Mfundo ikadwala madziwo acuruka, ndipo maonekedwe ao asintha. Dotolo atsuka khungu bwino lomwe, alasa singano m'mbali mwa bondo, nakoka madzi. Nchito yace ndi ya mphindi zocepa. Anthu ena aopa kuti madzi akacotsedwa bondo lidzauma. Iai, thupi lipanga ena, ndipo kawirikawiri ululu ucepa pomwepo cifukwa kufufuma kwaphwa.

Coyamba dotolo awayang'ana ndi maso. Madzi abwino ndi oyera mbee, acikasu pang'ono, kotero kuti mutha kuwerenga malemba a m'nyuzipepala kupyola m'botolo. Akakhala a matope, m'mfundo muli kutupa. Akakhala ngati mafinya, mwina mwalowa tizirombo. Akakhala a mwazi, makamaka kwa munthu amene mwala unamgwera pansi pa mgodi, mwina mtsempha waduka. Ndipo ngati pamwamba pa mwaziwo payandama timadontho ta mafuta, ndiye kuti pfupa lang'aluka. Pambuyo pace botolo lipita ku labotale, kumene afunafuna zinthu zitatu ndi maikulosikopu, makina aja okuza tinthu tosaoneka ndi maso.

ZINTHU ZITATU ZIMENE AFUNAFUNA

Cinthu coyamba ndico kuwerenga maselo oyera, amene ali asilikari a m'mwazi. M'kadontho kocepetsetsa ka madzi a munthu wolimba, asilikari awa sapitirira 200. M'bondo limene langoperepeseka ndi ukalamba ndi nchito yolemetsa, safika 2,000. Akapitirira 2,000 ndiye kuti m'mfundo muli nkhondo. Akafika 50,000 kapena kuposerapo, dotolo aganiza msanga za tizirombo, ndipo sadikira kuti kuce.

Cinthu caciwiri ndico tizirombo teni-teni. Apaka kadontho pa galasi, nakathira utoto monga mwa njira imene Hans Christian Gram wa ku Denmark anaipeza m'caka ca 1884. Kacirombo kamene kabvutitsa mfundo koposa tonse, kochedwa Staphylococcus, ndiko komwe kabala zithupsa pa khungu, ndipo kaoneka ngati timikanda tounjikana. Cinzonono cosaciritsidwa naco citha kuyenda m'mwazi ndi kukakhala m'bondo kapena m'mkono. Nthawi zina pa galasi sipaoneka kanthu ngakhale tizirombo tiripo. Cifukwa cace afesa madzi ena m'mbale yokhala ndi cakudya ca tizirombo, nadikira masiku awiri kapena atatu kuti timere. Tikamera, ayesanso mankhwala amene angatiphe.

Cinthu cacitatu ndico timiyala. Pali matenda ochedwa gauti, amene agwira makamaka amuna, nayamba usiku pa cala cacikuru ca kuphazi, ululu wace woti ngakhale bulangeti lisakhudze. Gwero lace ndi mcere wina wochedwa yuriki asidi, umene impso zalephera kuutaya wonse, ndipo uuma m'mfundo. Mowa wambiri, ciwindi ndi zam'kati za nyama ziuonjezera. Antonie van Leeuwenhoek wa ku Holland anaona timiyala timeneti m'caka ca 1679, koma munali m'caka ca 1961 pamene madotolo awiri a ku America, Daniel McCarty ndi Joseph Hollander, anasonyeza kuti tipezeka m'madzi a mfundo yotupa. Tioneka ngati tisingano tosongoka, ndipo pa kuwala kosefedwa mwa njira yace tinyezimira cikasu, tikatembenuzidwa tisanduka tobiriwira ngati thambo. Timiyala tina ta njerwanjerwa, topangidwa ndi kasiyamu, tisonyeza nthenda yina ya okalamba imene inamiza gauti.

Taonani tsono kufunika kwace. Bondo la gauti ndi bondo la tizirombo, onse awiri atupa, atentha, afiira. Maso sangathe kuwalekanitsa. Koma la gauti lifuna mankhwala oziziritsa kutupa ndi ocepetsa mcere uja, pamene la tizirombo lifuna kutsukidwa ndi kulandira mankhwala amphamvu a m'mtsempha tsiku lomwelo. Kucedwa kwa sabata imodzi kungasiye munthu wotsimphina moyo wace wonse.

MAU KWA OWETA NG'OMBE

Dzina la Palabana lidziwika m'Zambia monse cifukwa ca maphunziro a kuweta ng'ombe zamkaka, ndipo mkaka wocokera ku mafamu a ku Chongwe umwedwa m'nyumba zambiri za m'Lusaka. Mkaka ndi cakudya cabwino, koma wosaphika ungathe kunyamula matenda a Brucella, amene acititsa ng'ombe kutaya bere, ndipo apezeka m'ng'ombe zina za m'dziko lathu lino. Dzinali licokera kwa David Bruce, amene anapeza kacirombo kace pa cisumbu ca Malta m'caka ca 1887, ndipo ndi yemweyo anadzafufuza matenda a kaodzera ku Nyasaland pakati pa 1911 ndi 1914. M'caka ca 1905 dotolo wa ku Malta, Themistocles Zammit, anapeza kuti anthu ali kuwatenga mu mkaka wa mbuzi.

Munthu wogwidwa nao amva malungo obwera ndi kucoka, atuluka thukuta usiku, ndipo ciuno, msana kapena bondo zimuwawa kwa miyezi. Ambiri ayesa kuti ndi malungo a udzudzu. Kacirombo aka ndi kobisala. Sikaoneka msanga pa galasi, ndipo kamera mocedwa m'mbale. Dotolo afunika kupimanso mwazi, koma sangaganize za ico ngati inu simumuuza. Cotero ngati mumamwa mkaka wosawiritsa, kapena mabisi opangidwa ndi mkaka wotero, kapena munagwira ndi manja mwana wa ng'ombe wotayika, nenani poyera. Mankhwala ace ndi a mitundu iwiri, omwa masabata asanu ndi limodzi kapena kuposa. Ndipo kupewa kwace nkosabvuta: wiritsani mkaka musanamwe ndi musanauike m'cipanda.

MAU KWA A KU MIGODI NDI M'MATAUNI

Cifuwa cacikuru sicikhala m'mapapo mokha. Citha kulowa m'ciuno, m'bondo kapena mu msana, nicidya pang'ono pang'ono popanda kutentha kwambiri. Madzi a m'mfundo yotere apimidwa ndi utoto wina, ndiponso ndi makina a GeneXpert amene bungwe la za umoyo la dziko lonse linawabvomereza m'caka ca 2010. Anthu amene mapapo ao analowa pfumbi la miyala ali pafupi ndi nthenda imeneyi koposa anzao. Madotolo a pa cipatala cacikuru ca UTH m'Lusaka analemba m'caka ca 1998 kuti odwala ambiri otupa maondo ndi akakolo anapezekanso ndi kacirombo ka HIV. Nco cifukwa cace dotolo akapempha kupima mwazi wanu, musayese kuti ali kukunyozani.

Ogwira nchito cogwada pa miyala atupa kathumba kena ka patsogolo pa bondo, kunja kwa mfundo. Nakonso kapimidwa madzi ace, pakuti kabala kakang'ono kangalowetsemo tizirombo. Ndipo inu a ku Kabwe, kumene mgodi wa mtobvu unatsekedwa m'caka ca 1994, dziwani kuti mtobvu uononga impso, ndipo impso zoonongeka zibweretsa gauti. Muuzeni dotolo kumene munagwira nchito.

COCITA NCIANI?

Mfundo imodzi ikatupa mwadzidzidzi, ikatentha, ndipo thupi liri ndi malungo, pitani ku cipatala tsiku lomwelo. Makamaka mwana akakana kuponda pansi, musagone naye m'nyumba. A pa kiliniki akakutumizani ku Chongwe kapena ku Lusaka, musazengereze. Musayambe mwamwa makapisozi ogula pa msika, cifukwa abisa tizirombo, ndipo m'mbale ya ku labotale simumera kanthu. Musatemere mphini pa bondo lotupa, pakuti lumo litsegulira tizirombo khomo. Nyamulani mankhwala onse amene mwakhala muli kumwa, dotolo awaone.

Akulu anati mutu umodzi susenza denga. Wa ku labotale ali ndi makina, dotolo ali ndi nzeru, koma mbiri ya nthendayo iri ndi inu, ndipo kufika msanga kuli m'manja mwanu.