Kamkanjo ka Hana ndi Ana Athu a Sekondale

Januwale wafika, sukulu zikutsegulidwa. Kuno ku Kafue mwezi uno ndi wowawa. Ndalama zathera ku feteleza, nkhokwe zapepuka, ndipo asodzi ali pakhomo chifukwa boma limatseka usodzi kuyambira 1 Disembala mpaka kumapeto kwa Febuluwale.

Pa 1 Samueli 2:19 timamva za Hana. Atasiya mwana wake kunyumba ya Mulungu ku Silo, sanamuiwale. Chaka ndi chaka ankamusokera kamkanjo n'kukamupatsa yekha. Mwana ankakula, koma mayi ankaudziwa msinkhu wake.

Nanga ife, ana athu tikuwadziwa msinkhu? Kuyambira 2022 sitilipira fizi m'sukulu za boma, koma yunifomu, nsapato, makope ndi chakudya zikadali pamutu pathu. Mwana wa ku Kafue Estates amaphunzira ku Naboye n'kugona kwawo. Wochokera kumudzi amakhala kwa achibale kapena m'kachipinda ka lendi. Mtsikana wotere akasowa sopo ndi ufa, wina adzamupatsa, ndipo adzafuna malipiro.

Choncho tisamangomutumiza. Timuperekeze, tione kumene azigona, tidziwane ndi aphunzitsi ake. Tisamugwire kumunda kuti apalire anzake atayamba kale kuphunzira. Ndipo amene anabereka, boma linamutsegulira khomo lobwerera kusukulu kuyambira 1997, tisalitseke ndife.

Tipemphere. Atate, tipatseni manja ndi mtima wa Hana. Sungani ana athu kumene maso athu safika. Amen.