Kodi Katswiri Woposa Onse Ndani?

Phunziro lathu la lero likhudza mkangano umene umamveka paliponse pamene anthu asonkhana, kaya pa msika wa ku Katete, pa bwalo la mpira ku Sinda, ngakhale pakati pa khamu lobwera ku mwambo wa Kulamba ku Mkaika. Akuluakulu amati oseŵera akale ndiwo anali akatswiri enieni. Anyamata amakana, amati a lero ndiwo opambana. Kaŵirikaŵiri mbali zonse ziŵiri zimathamangira ku ziŵerengero. Koma kodi chiŵerengero pachokha chingathetse mlandu wotere?

Tiyambe ndi nkhani ya kwathu kuno. M'chaka cha 2012, Lionel Messi wa ku Argentina anagoletsa zigoli 91, ndipo dziko lonse linamtama kuti waposa Gerd Müller wa ku Germany, amene anagoletsa 85 mu 1972. Bungwe loyang'anira mpira m'Zambia linakana. Linanena kuti m'chaka chomwecho cha 1972, Godfrey Chitalu, woseŵerera Kabwe Warriors ndi timu ya dziko lathu, anagoletsa zigoli 107. Bungwe la FIFA linayankha kuti silisunga kaundula wa zigoli za m'mipikisano ya m'maiko, motero silikanatha kuchitira umboni aliyense. Chitalu mwini wake sanaumve mkanganowu, pakuti anafa mu April 1993, pamene ndege yonyamula timu yathu inagwera m'nyanja pafupi ndi Gabon. Apa tipezapo funso loyamba loyenera kufunsa tikamva chiŵerengero: kodi analemba ndani, ndipo cholembedwacho chinasungidwa bwino?

Funso lachiŵiri nali: kodi anthu aŵiriwo anaseŵera m'mikhalidwe yofanana? Ganizirani alimi aŵiri a ku Vubwi. Wina analima ndi khasu nakolola matumba 20 a chimanga. Mdzukulu wake walima ndi ng'ombe, wathira feteleza, nakolola matumba 30. Kodi tinganene msanga kuti mdzukuluyo ndiye mlimi wakhama koposa? Iyayi, tiyenera kuyamba taona zipangizo, mvula ndi kukula kwa munda.

Anthu a ku America akhala akulimbana ndi funso limeneli pa maseŵera ao otchedwa baseball. M'maseŵerawa, wina amaponya kampira kolimba, ndipo mnzake amakamenya ndi chibonga. Akakamenya mwamphamvu mpaka kutuluka kunja kwa bwalo, amati wamenya home run. Mu 1927, Babe Ruth anamenya 60 m'chaka chimodzi. Mu 1961, Roger Maris anamenya 61. Pomwepo mkangano unabuka, chifukwa m'nthaŵi ya Ruth timu inkaseŵera maseŵero 154 pa chaka, pamene m'nthaŵi ya Maris inkaseŵera 162. Enanso anakumbutsa kuti Ruth sanapikisanepo ndi akatswiri akuda m'ligi yaikulu, popeza tsankho linawatsekera kunja kufikira 1947, pamene Jackie Robinson analoledwa kuloŵa. Mwaona tsono kuti nyengo iliyonse ili ndi mwaŵi wake ndi zovuta zake.

Zonsezi sizinali zolakwa za oseŵerawo, pakuti munthu sasankha chaka chobadwira. Koma funso lachitatu ndilo lolemera koposa, chifukwa likhudza chimene munthu amasankha yekha: kodi mphamvu imene anapambana nayo inali yakeyake?

Mu 1998, Mark McGwire anamenya 70, ndipo anthu anazizwa kwambiri. Patapita zaka 12, mu 2010, iye anaulula poyera kuti ankagwiritsa ntchito mankhwala otchedwa masiteroidi, ngakhale m'chaka chomwecho cha ulemerero wake. Kuyesa oseŵera onse a m'ligi yaikulu kunayamba mu 2003, mochedwa ndithu. Chotsatira chake nchakuti ziŵerengero za zaka zimenezo zimakayikiridwa kufikira lero, ndipo chikayikocho chimagwera ngakhale iwo amene sanalaŵepo mankhwalawo. Wonyenga mmodzi anaipitsa mbiri ya anzake ambiri.

Kodi masiteroidi nchiyani? Ndi mankhwala opangidwa motsanzira mphamvu ina ya m'thupi la mwamuna, imene imakulitsa minofu. Madokotala amawapereka kwa odwala matenda ena, pa muyeso woyenera. Munthu wabwinobwino akawagwiritsa ntchito kuti apambane, minofu imakuladi msanga ndipo kutopa kumatha mofulumira, koma mtengo wake ngwaukulu. Amaononga chiŵindi ndi mtima. Mkazi mawu ake amasanduka aakulu ndipo amamera ndevu. Kwa inu ana choopsa china nchakuti amaimitsa mafupa kukula nthaŵi isanakwane, kotero kuti mwana amakhala wopinimbira moyo wake wonse.

Kumbukirani mlimi uja. Wothira feteleza sanalakwe, chifukwa aliyense aloledwa kutero ndipo amachita poyera. Koma wothira mchenga m'thumba kuti lilemere pa sikelo ndi wakuba. Kudya bwino, kugona mokwanira ndi kuchita zolimbitsa thupi tsiku ndi tsiku ndiye feteleza. Masiteroidi ndiwo mchenga.

Maseŵera a Olimpiki a mu 1988, amene anachitikira ku Seoul ndi m'mizinda ina ya ku South Korea, atiphunzitsa zimenezi bwino lomwe. Ben Johnson wa ku Canada anathamanga mamita 100 m'masekondi 9.79, liŵiro limene munthu anali asanalifikepo. Patangopita masiku atatu, analandidwa mendulo yake ya golide atampeza ndi masiteroidi m'mkodzo, ndipo inapatsidwa kwa Carl Lewis. Makolo athu ananena zoona kuti kuthamanga si kufika. Pa maseŵera omwewo, timu ya Zambia inagonjetsa Italy ndi zigoli 4 kwa 0, ndipo Kalusha Bwalya anagoletsa zitatu. Chipambano chimenecho palibe amene anatilanda, ndipo tikali kuchinyadira. Pofuna kuthana ndi chinyengo chonga cha Johnson, maiko anakhazikitsa bungwe la WADA mu 1999, lolemba mndandanda wa mankhwala oletsedwa m'maseŵera.

Mwina mukuti zimenezi nzakutali, sizifika ku sukulu za kuno. Mankhwalawo mwina simunawaone, koma chinyengo chili ndi abale ake pafupi. Sukulu ikachepetsa zaka za mnyamata wamkulu kuti apikisane ndi ana aang'ono, imeneyo yathira mchenga m'thumba. Mwana amene anayenera kupambana amabwerera kwao wokhumudwa, ndipo mwina sadzathamanganso.

Tsono inu aphunzitsi, pali ntchito ziŵiri. Yoyamba, khalani ndi buku la maseŵera a pa sukulu yanu, lolembamo dzina la wopambana, zaka zake zenizeni, utali wa mtunda ndi tsiku, kuti za Chitalu zisadzaonekenso pa ana anu. Yachiŵiri, phunziro lino likatha, kambiranani ndi ana mafunso aŵa: Nchifukwa ninji anthu anakangana za Ruth ndi Maris? Kodi feteleza ndi mchenga zisiyana bwanji m'fanizo lathu? Nanga masiteroidi amachita chiyani ku mafupa a mwana?

Ana inu, mukamva akulu akutsutsana za katswiri wakale ndi wa lero, mverani mwaulemu, ndipo mufunse mafunso athu atatu aja. Tsalani bwino, tidzakumananso m'phunziro lotsatira.