Chinaka Pakhomo Pathu

Tonsefe tidadyapo chinaka, koma ndi angati adalionapo duwa lake? Kudambo kwathu chikutha, pakuti timakumba chonse osasiyako mbewu.

Ine ndidayesa kubzala pakhomo. Choyamba chidafa chifukwa ndidasasa dothi kumizu. Muzichitenga ndi dothi lake lomwe, popeza m'dothimo muli tibowa tosaoneka ndi maso timene timachidyetsa. Muchiike pa malo a chinyontho, osathira feteleza. Chimachita maluwa m'dzinja. M'chilimwe masamba amauma onse, koma musati chafa ayi, chagona chabe. Zikanipo kamtengo, bambo angalimepo ndi khasu.

Koma ku Nyika musakakumbeko, amayi, ndi malo otetezedwa ndi boma.