Galimoto Yozima Injini Ikatentha

Lero tikambirana za vuto limene eni galimoto zakale a m'boma la Karonga amalidziŵa bwino, makamaka m'miyezi ya Okotobala ndi Novembala, pamene kutentha kwa m'mbali mwa nyanja kumapitirira madigiri 30. M'maŵa galimoto imalira bwinobwino. Koma mukayenda kuchokera pa boma mpaka ku Uliwa kapena ku Chilumba, n'kuima kuti munthu atsike, injini imayamba kunjenjemera, kenaka n'kuzima. Mukailiza imakana. Ikazizira kwa theka la ola, imaliranso ngati palibe chachitika.

Vutoli si laling'ono ayi. Injini ikazima pa mapiri a Chiweta, mabuleki a galimoto zambiri amauma, ndipo ngati mwanyamula matumba a mpunga wa ku Hara kapena wodwala, moyo umakhala pachiswe. Langizo lathu lalikulu nali: matendaŵa afufuzeni injini idakali yotentha, pomwe yazimira pomwepo. Mukaipereka kwa makaniko itazizira, iye sapeza chilichonse, ndipo mudzangotha ndalama pogula zitsulo mongoyerekeza. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha.

Injini ya petulo imafuna zinthu zitatu: moto, mafuta ndi mpweya. Tsono imikani galimoto kunja kwa msewu, ikani mwala kuthayala, tsekulani boneti, ndipo mufufuze chimodzichimodzi.

Yambani ndi moto. Zulani waya wa pulagi imodzi, mulumikize ku pulagi yapadera, muigoneke pa chitsulo cha injini kutali ndi petulo, mnzanu alize. Moto wabwino umathetheka mwamphamvu, wobiriŵira ngati thambo. Ukakhala wofooka, wachikasu, kapena ukasoŵeratu, kayikirani koyilo kapena kondensa. Koyilo yokalamba imagwira ntchito ikazizira, koma ikatentha tiwaya ta m'kati mwake timaleka kugwirana bwino.

Moto ukakhalapo, onani mafuta. Pa galimoto ya kabuleta, chotsani sefa ya mpweya, injini ili chizimire, musuzumire m'kati mnzanu akuponda mafuta. Muyenera kuona petulo akutsanyuka. Ngati palibe, n'kutheka kuti petuloyo waŵira m'paipi n'kusanduka nthunzi, ndipo pampu singathe kukoka nthunzi. Nyoŵetsani nsanza ndi madzi ozizira, muikulunge pa pampu ndi pa paipiyo. Ikalira patapita mphindi zochepa, mwapeza gwero lake. Chofunika ndi kutalikitsa paipi ku ekizozi, kusintha sefa ya mafuta, ndi kuyesa mphamvu ya pampu. Kumbukiraninso kuti kuyambira mu 1982, pamene fakitale ya ku Dwangwa inayamba kupanga ethanol, petulo wa m'Malaŵi muno wakhala akusakanizidwa ndi ethanol. Petulo wotere sachedwa kusanduka nthunzi, ndiponso amafooketsa mapaipi ena a labala akalekale.

Nthaŵi zina mafuta amachuluka m'malo mochepa. Zizindikiro zake ndi fungo la petulo, utsi wakuda ndi mapulagi a mwaye. Kaŵirikaŵiri choki imakhala itakanirira osatsekuka. Injini yozizira imafuna mafuta ambiri, koma yotentha imatsamwa nawo. Pa galimoto zopanda kabuleta, monga zambiri zochokera ku Japan zimene zimaloŵera pa chipata cha Songwe, ntchito ya choki imagwiridwa ndi kompyuta. Kachipangizo koyeza kutentha kwa madzi kakawonongeka, kamauza kompyutayo kuti injini idakali yozizira, ndipo iyo imangothira mafuta mopitiriza muyeso. Palinso kachipangizo kena koŵerenga kuzungulira kwa injini, kamene kakatopa kamadula moto injini ikatentha. Ziŵirizi zimafuna makaniko wokhala ndi makina oyezera.

Chachitatu ndi mpweya. Injini ikulira, tcherani khutu. Mukamva kaphokoso konga ka mpweya wotuluka m'chubu, fufuzani timapaipi ta labala tong'ambika kapena gasiketi yotha pansi pa kabuleta. Mpweya woloŵera m'mbali umasokoneza muyeso wa mafuta, ndipo izi zimaonekera kwambiri galimoto ikaima. Zonsezi zikakhala bwino, pemphani makaniko ayeze mpata wa mavalavu. Chitsulo chikatentha chimafutukuka, choncho valavu yothina kwambiri siitseka bwino, ndipo mphamvu imathaŵa.

Tisanatsirize, machenjezo aŵiri. Musatsekule chivundikiro cha rediyeta injini ili yotentha, chifukwa madzi ake amakhala opanikizika, otentha mwina kuposa madigiri 100, ndipo angakuwotcheni kumaso. Ndiponso musalole kuti wina achotse themositati n'kuitaya ponena kuti kuno n'kotentha kale. Ikawonongeka, ikani ina. Tsukani fumbi ndi udzu pa rediyeta, ndipo lamba wa fani akhale wokungika bwino.

Mukafika kwa makaniko, mufotokozereni zimene munaona: mtunda umene munayenda isanazime, mtundu wa moto, ngati petulo anatsanyuka, ndi nthaŵi imene inatenga kuti ilirenso. Mawu anayi ameneŵa adzamuchepetsera ntchito, ndipo inu adzakupulumutsirani ndalama. Yendani bwino.