Kuno ku Lusaka Mudzi Wanu ndi Mpingo

Ana anga, za kuchipinda alangizi anakuuzani kale, za chuma ankhoswe anena. Ine andituma ndi akulu a mpingo, ndiye tcherani khutu.

Makolo anu nonse ndi ochokera kummawa, ena ku Katete, ena ku Chipata. Kumudzi banja latsopano silikhala lokha. Mukayambana usiku, kukamacha azakhali afika kale pakhomo. Kuno azakhali ali kutali, makilomita mazanamazana pa msewu wa Great East, ndipo nyumba mwapeza ku Woodlands ija ili ndi mpanda wa njerwa ndi geti lachitsulo. Mpanda umatchinga akuba, koma umabisanso misozi. Ndaona mabanja a ku Kabulonga akubwera Lamulungu lililonse atatchena, akumwetulira, ife n'kudzamva nkhani ili kale kukhoti. Zimandiwawa mpaka lero, chifukwa tikanadziwa msanga tikanakhala nawo pansi.

Choncho mudzi wanu kuno ndi mpingo. Sindikunena za Lamulungu lokha ayi, pakuti pa Lamulungu munthu amatha kubisala pa benchi yakumbuyo n'kutuluka nyimbo yomaliza isanathe. Ndikunena mapemphero a m'dera, apakati pa sabata, pomwe anthu 10 kapena 15 amathinana pabalaza, amayi pamphasa, ana pakhomo, Buku Lopatulika lili pamiyendo. Kumeneko adzakuuzani kuti mutsegule ndi pemphero, mawu adzanjenjemera, koma mudzapemphera. Kumeneko mudzakhala moyandikana ndi munthu amene anakulankhulani mokhadzula sabata yatha, ndipo mudzayenera kumupatsa moni ndi manja awiri. Kukula mu uzimu n'kumeneko. Munthu saphunzira kukhululuka ali yekha m'galimoto akumvera ulaliki pa wailesi. Ndipo amene waphunzira kupirira mbale wa mumpingo savutika kupepesa mnzake wa m'nyumba.

Mpingo wathu wa Reformed unayambira ku Magwero, kufupi ndi Chipata, mu 1899. Kuno kutauni unabwera ndi anthu odzafuna ntchito, amene sanafune kupemphera aliyense payekha. Inu mwaupeza utamangidwa, musakhalemo ngati alendo.

Iwe mwana wanga wamkazi, unakulira ku Chelstone m'manja mwa amayi a Chigwirizano. Lowa pakati pawo. Usakopeke ndi yunifolomu, yang'ana ntchito yawo: ndiwo amanyamula phala kupita nalo kwa odwala kuchipatala cha UTH, ndiwo amagona pansi pamaliro, kuimba mpaka mbandakucha. Mwa iwo sankhamo mmodzi wokhwima maganizo, wosunga pakamwa, amene ungamuuze zakukhosi. Mmodzi ndati, osati gulu lonse, chifukwa miseche mumpingo ilimo, sindingakunamize.

Inu bambo, lero ndikutchulani bambo, musakhale mwamuna wotula mkazi pageti la tchalitchi n'kubwerera. Lowani, khalani naye. Kukagwa maliro m'dera musamangotumiza ndalama pafoni. Pitani mukakhale pamoto ndi amuna anzanu usiku, mawa lake muperekeze maliro mpaka kumanda a ku Leopards Hill kapena ku Chingwere, mugwire fosholo. Tsiku lidzafika loti inunso mudzafune mapewa a anthu.

Pali china chimene chikupasula mabanja mu mzinda uno. Vuto likangobwera, kaya mwana wachedwa, kaya ntchito yatha, anthu amayamba kuthamanga, lero kwa mneneri uyu, mawa kwa uyo, mpaka wina awauze kuti wakulodzani ndi apongozi. Mukatero mudzataya abale, mudzataya ndalama, mtendere osaupeza. Za thupi pitani kuchipatala nonse awiri. Za mtima bwerani kwa abusa ndi akulu amene akukudziwani ndi dzina, amene akuchitirani umboni lero kuno ku Kabwata. Akakudzudzulani musathawe kukayamba kwina. Munthu amene amakuuzani zokoma zokhazokha sakukufunirani zabwino.

Nanunso a mpingo mwakhala apa, ana awa si a makolo awo okha. Mukaona sabata ziwiri zadutsa osawaona, musafunsane kumbali, pitani mukagogode.

Ana anga, Lachitatu likudzali mkulu wa dera lanu adzabwera kudzalemba maina anu. Akupezeni nonse awiri.