Ana Athu Ali Kunja: Tiziwerenga Bwanji Nkhani Zawo?

Zikomo pondiitana kuti ndidzakhale nanu pa tsiku lotsegulira nyumba yathu yowerengeramo. Njerwa munaumba nokha, mchenga munatuta nokha, ndipo lero thukuta lanu laoneka.

A komiti andiuza kuti kuwonjezera pa mabuku, muno muzifika nyuzipepala: The Nation, The Daily Times, ndi za m'Chichewa monga Fuko, Boma Lathu komanso masamba a Tamvani ndi Tikambe. N'chifukwa chake ndasankha kulankhula za nkhani imodzi imene muzikumana nayo mukamafunyulula masambawo, nkhani ya ana athu amene ali kunja, makamaka ku Joni.

Kwa ife kuno nkhaniyi ndi ya pakhomo. Bwalo la ndege la Kamuzu lili pa Lumbadzi pompa. Achinyamata 221 amene anapita kukagwira ntchito m'minda ya ku Israel mu November 2023 ananyamukira pabwalo limeneli, ndege yawo n'kudutsa pamwamba pa madenga athu. Ndipo ulendo wotere sunayambe dzulo. Agogo athu anapita ku migodi kudzera ku Wenela, kenako Theba. Ena analowera ku Halale n'kutchona konko. Pa 4 April 1974 ndege ya Wenela inagwa ku Francistown m'dziko la Botswana, Amalawi 74 amene ankabwerera kumudzi anathera pomwepo, ndipo Kamuzu analetsa kulemba anthu a ku migodi kwa zaka zingapo. Mu 1988 kunabuka mkangano wa zoyeza magazi. Amene anapezeka ndi kachilombo ka HIV anali pafupifupi 200, koma amene anabwezedwa m'zaka zotsatira anali pafupifupi 13,000. Mbiri imene inawanda kumeneko inali yoti Mmalawi ndi wobweretsa matenda. Akuluakulu ena amene mwakhala pamipando apa munali m'gulu limenelo, ndipo mukudziwa kuwawa kwake kuposa ine.

Kalembera wa dziko la South Africa wa 2022 anapeza anthu obadwira ku Malawi pafupifupi 200,000, ndipo amenewo ndi okhawo amene anawerengedwa. Koma taganizani, ndi liti pamene anthu onsewa amafika pa tsamba loyamba? Anafikapo mu May 2008, pamene chipolowe chodana ndi alendo chinayambira ku Alexandra n'kupha anthu 62. Anafikapo mu April 2015, pamene boma linatumiza mabasi kukatenga abale athu ku Durban. Anafikaponso pa 31 August 2023, pamene nyumba ya Usindiso ku Johannesburg inapsa usiku, anthu 76 n'kufa, Amalawi ali m'gulumo. Nkhani zimenezi n'zoyenera kulembedwa, ndipo ndikuthokoza atolankhani amene anazitsatira mpaka maliro kufika kumudzi. Chimene chimandidetsa nkhawa ndi zii amene amakhalapo pakati pa ngozi ndi ngozi. Mnyamata wosamalira maluwa ku Cape Town, telala wa ku Durban, mtsikana wolera ana a eni ake ku Pretoria, amene mwezi ndi mwezi amatumiza ndalama pa Mukuru kuti kuno kugulidwe feteleza, fizi ilipidwe, nyumba ifoleredwe ndi malata, ameneyu dzina lake silituluka kufikira tsiku limene wamwalira kapena wamangidwa.

Onani tsono mmene zimatikhudzira ife owerenga. Mayi amene mwana wake ali kumeneko akangomva mutu wa nkhani pa wailesi, nsima siilowa. Kwa iye Joni yense akuyaka moto, ngakhale kuti chipolowe chachitika mtunda wautali kuchokera kumene mwanayo akukhala. Amangodikira foni. Koma wachinyamata amawerenga mwina. Iye akuona ndi maso ake nyumba imene mnzake wa kusukulu wamanga, akuona njinga yamoto ya kabaza imene mnzakeyo wagulira mng'ono wake. Akatsegula nyuzipepala n'kupezamo maliro okhaokha, amati, “Atolankhani angofuna kutiopseza.” Akatero wasiya kukhulupirira zonse, ndi zoona zomwe. Apa ndiye pagona vuto. Tsiku limene nyuzipepala yomweyo idzamuchenjeze kuti masiku 30 amene amadinda pa pasipoti pa Beitbridge akatha iye ndi wophwanya lamulo, kuti anzake amakhala miyezi ku Lindela kudikira kubwezedwa, kuti matransipota ena amasunga anthu ngati chikole mpaka abale atalipira, iye sadzamva. Mtsikana amene wamva kuti ku Oman kuli ntchito ya ndalama zambiri sadzalabadira zimene BBC inaonetsa mu 2024 za amayi a Chimalawi amene analandidwa mapasipoti n'kuzunzidwa m'nyumba za mabwana awo. Chenjezo limamveka ngati wochenjezayo amanenanso zabwino zikakhalapo.

Anzathu a ku Nigeria akhala akudandaula zofanana. Iwo amati mnzawo mmodzi akagwidwa ndi mankhwala ozunguza bongo, dzina la dziko lawo limakwera pa mutu wa nkhani, koma dokotala kapena mphunzitsi wa ku yunivesite wochokera komweko akachita bwino, za kwawo sizitchulidwa. Ndipo zimene zinachitika mu September 2019 zili ndi phunziro kwa aliyense wa foni m'manja. Ku Johannesburg kutabuka chipolowe, pa WhatsApp ndi pa Facebook panadzaza mavidiyo oti anthu a ku Nigeria akuphedwa. Ena mwa mavidiyowo anali akale, ena anali a kumayiko ena. Anthu ku Lagos anakwiya n'kuphwanya masitolo a Shoprite ndi maofesi a MTN, ndipo ndege za Air Peace zinanyamula anthu mazanamazana kubwerera kwawo. Pamapeto pake boma la South Africa linalengeza kuti mwa anthu 12 amene anafa, 10 anali nzika za konko. Nkhanza zinalipodi, masitolo a alendo anaotchedwadi, koma bodza linathira mafuta pamoto.

Owerenga sali opanda mphamvu. Mu 2008 nyuzipepala ya Daily Sun ya ku South Africa inkatchula alendo ndi dzina lowanyoza pa mitu yake. Mabungwe anakadandaula kwa woweruza madandaulo a nyuzipepala, ndipo Daily Sun inavomera kusiya dzinalo. Kuno kwathu kuli Media Council of Malawi, imene ntchito yake ina ndi kulandira madandaulo otere. Palinso tsamba la makalata opita kwa mkonzi, ndipo ndikufuna ndidzaone kalata yolembedwa patebulo la m'nyumba ino.

Gogo Chalo Chitukula, ndiloleni ndinenenso mbali imene imawawa. Timakwiya akamatcha ana athu makwerekwere. Nanga ife timawerenga bwanji za alendo amene ali pakati pathu? Dzaleka ali ku Dowa, kufupi ndi ife. Msasa umenewu unatsegulidwa mu 1994, unakonzedwera anthu osapitirira 12,000, koma lero muli anthu oposa 50,000. Mu May 2023 apolisi anagwira anthu othawa kwawo m'matauni a Lilongwe, ambiri n'kuwasunga ku ndende ya Maula, ana omwe, asanawapititse kumsasa. Ambiri a ife tinangoti, “Maburundi azipita,” osafunsa kuti uyu ndi wa ku Rwanda, wa ku Congo, kapena mwana wobadwira konkuno amene chilankhulo chake ndi Chichewa. Ena mwa inu munkawagulitsa mtedza ndi soya kwa Mgona. Mu October 2022 m'nkhalango ya Mtangatanga ku Mzimba munapezeka mitembo pafupifupi 30 ya anyamata amene akuganiziridwa kuti anali a ku Ethiopia. Ankapita kuti? Ku Joni komweko kumene ana athu amapita, pa zifukwa zomwezo. Aliyense wa iwo anali ndi mayi wodikira foni. Akuluakulu anati chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Boma lili ndi ufulu wosunga malamulo a za kulowa ndi kutuluka m'dziko, izo sindikutsutsa. Koma sitingapemphe kuti ana athu azilembedwa ngati anthu pomwe ana a eni tikuwawerenga ngati ziwerengero.

Choncho mukakhala muno n'kupeza nkhani ya munthu wa kunja, kaya ndi wathu kaya ndi mlendo, funsani: mwini nkhaniyo walankhulamo, kapena alankhula ndi apolisi okha? Nanga dziko lake alitchuliranji, likukhudzana ndi mlanduwo? Vidiyo ikafika pa foni, musaitumize musanamve ngati wailesi kapena nyuzipepala yatsimikiza.

Inu atolankhani, musadikire ndege ya obwezedwa pa Lumbadzi kuti mudzajambule anthu atabisa nkhope. Lowani m'midzi muno, mupite mpaka ku Kabudula, Nsaru ndi Nambuma, mucheze ndi amene anapita n'kubwera, opeza ndi otaya omwe. Inu a komiti, ndabweretsa makope akuluakulu ndi zolembera. Ndikupempha kuti ana a sukulu azikhala pansi ndi agogo a Theba amene atsala, alembe za m'migodi momwe eni ake akufotokozera, ndipo makopewo azisungidwa muno pambali pa nyuzipepala.

Ndi mawu amenewa, mwa chilolezo chanu Gogo Chalo, ndikulengeza kuti nyumba yowerengeramo ya kwa Chitukula yatsegulidwa.