Wodwala Amene Safuula

Mau okambidwa kwa mafumu ndi aphunzitsi

Ambiri amayesa kuti wodwala mutu ndi yekhayo wofuula pamsika. Iai, aliponso wina wongokhala duu pakhonde, wosagona, wosadya, wosafunanso kugwira khasu. Zikapitirira masabata awiri, angakhale matenda a kukhumudwa, osati ulesi kapena ufiti.

Dotolo amayamba wafunsa wodwalayo ndi abale ake, napimanso thupi, pakuti malungo, mowa ndi chamba nazonso zimasokoneza mutu. Mankhwala ake amagwira patapita masabata angapo, tsono musamlole kuwaleka msanga.

Akatchula zodzipha, musamsiye yekha. Bisani zingwe ndi mankhwala ophera tizilombo, mupite naye kuchipatala tsiku lomwelo. Odwala kwambiri amatumizidwa ku chipatala cha Zomba, chimene chinatsegulidwa mu 1953.